Mphasa Pakati pa Apongozi Awiri

Ndikukumbukira chigafa cha amayi kwathu, mudzi wina kuseri kwa Nsaru, fodya atadzaza mpaka kudenga. Ukalowamo masana munali kamdima kozizira bwino, masamba ofiirira ali lende pa mikangala, fungo lake lokanda kukhosi moti mlendo ankayamba wayetsemula asanapereke moni. Anzanga amene tinakulira limodzi akamva fungo limenelo amakumbukira msana wopweteka ndi manja omata phula. Ine ndimakumbukira nyimbo, chifukwa m'chigafa chimenecho ndi mmene munajambulidwa chimbale choyamba cha alamu anga a Sitefano. Inu amene munakula nthawi ya makaseti mwina munachimvapo pagolosale kapena m'minibasi ya ku Mchinji, osadziwa kuti tambala amene amamveka patali m'nyimbo yachitatu anali wathu.

A Sitefano anali amuna awo a akulu anga a Rute. Kwawo kunali cha ku Namitete, ndipo kwathu anadzakhala chikamwini monga mwa mwambo. Anafika ndi sutikesi, khasu latsopano ndi gitala. Khasulo linakhalitsa likuoneka latsopano, gitala ndi imene inatha utoto. Kuimba anayamba ali mwana, ndi banjo ya chigubu cha mafuta yokhala ndi mawaya a mabuleki a njinga. Atakula analowa kwaya ya achinyamata, koma sanakhalitsemo chifukwa ankakhotetsa nyimbo za m'buku, mpaka akuluampingo anawauza kuti ngati akufuna zokhota apeke zawozawo. Malangizo amenewo anawamvera kuposa mmene eni ake ankafunira. Pamene ankakwatira akulu anga n'kuti akuitanidwa m'maukwati, ndipo tsiku la msika ankakhala pansi pa mtengo pa Nsaru, anthu atawazungulira, amayi ena mitolo ya nkhuni ili pamutu osaitula.

Ulesi weniweni analibe, tisawanamizire. Denga la khitchini anafolera ndi iwo, ndipo njinga ya aliyense m'mudzimo ikafa ankaidzutsa. Vuto lawo linali loti nyimbo ikawagwira sinkasankha malo. Unkawaona ataima pakati pa mzere, khasu lili m'mwamba, milomo ikugwedera, anzawo atafika kale kumapeto kwa munda. Ine ndinkawakonda kwambiri. Ndinali Sitandade 5, ndipo popeza mlamu ndi munthu woseka naye, ndinkawanena mmene ndafunira. Iwo ankanditchula kuti mkazi wawo wamng'ono, ine n'kumati sindingakwatiwe ndi munthu amene khasu limamuthawa.

Amayi, a Nabanda, anali munthu wina. Bambo anamwalira ine ndili wamng'ono, choncho munda, fodya ndi ana zonse zinali pamutu pawo, ndipo analibe nthawi ya zibwana. Koma Lachinayi likakwana ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi, ndipo mawu awo, abale, anali okhuthala, otsika, oti akayamba kuimba makanda ankaleka kulira. Pamwambo anali osagwedezeka. Mabanja ena a mumpingo mwathu anali atayamba kale kufewetsa za chipongozi, mkamwini n'kumapatsana moni wa pamanja ndi amayi a mkazi wake. Amayi ankati zimenezo n'za kwa eni ake. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake sankayang'anana, sankadyera pamodzi, sankalankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira ya kudambo, alamu ankalowa m'tchire ngakhale muli chitedze, amayi n'kutembenukira kumbali mpaka adutsane.

Ndiye pakamwa pa onse awiri ndinali ine. Amayi ankakhala pakhonde, alamu ali kuseri kwa nkhokwe, pafupi poti wina akatsokomola mnzake amamva. Amayi ankati, "Esinati, kawauze bambo a Mphatso kuti mbuzi zalowa m'dimba." Mphatso anali mwana wa a Rute, wakhanda nthawi imeneyo. Alamu ankakhala atamva kale zonse, koma ankadikira ndithu kuti ndiyende, ndifike, ndigwade, ndinene, kenako n'kudabwa ngati nkhani yachilendo. Ntchito imeneyi inkandisangalatsa chifukwa m'njiramo ndinkatha kuchepetsa tsabola kapena kuwonjezera, malinga ndi mmene ndadzukira tsikulo. Onse awiri ankadziwa kuti ndikusintha mawu, koma palibe amene akanandidzudzula popanda kuulula kuti wamva mnzake.

Zinthu zinaipa m'nyengo ya dzuwa, nthawi ya nazale. Chaka chimenecho amayi anapereka nazale ya fodya m'manja mwa alamu, kudambo kufupi ndi chitsime. Amene munalimako fodya mukudziwa kuti mbande ndi khanda, zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo ukazinyalanyaza pang'ono sizikhululuka. Poyamba alamu anachita bwino, kheni yothirira ili m'manja tambala asanatsike, mpaka mabedi anabiriwira. Kenako kunabwera anthu a ku Kabudula kudzawatenga kuti akaimbe paukwati. Anati apita Loweruka n'kubwera Lamulungu, nazale anasiyira mnzawo wina. Koma kumeneko anaimba mokoma moti anthu a mudzi woyandikana nawo anawakaniza kubwerera, ati ukwati wathunso uli pafupi. Mnzawo uja naye anapita kumaliro kwawo osatsanzika. Pamene ine ndi amayi tinkatsikira kudambo kukaona, mbande zinali zitagona, zoyera, ukazigwira n'kumafumbutuka m'manja.

Amayi sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Anangoima, manja ali kumbuyo, n'kubwerera kunyumba. Mvula itagwa anayenda khomo ndi khomo kupempha mbande zotsala kwa anzawo, munthu amene moyo wake wonse ndiye ankagawira ena. Manyazi amenewo anawapweteka kuposa fodyayo. Anaitanitsa atsibweni, alongo awo, amene anali mwini mbumba yathu. Atsibweni anakhala pansi pa mango, anamva zonse, n'kunena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Anagamula kuti tiyambe takolola, kenako aitane ankhoswe a mbali zonse, a Sitefano atenge sutikesi ndi gitala yawo abwerere ku Namitete. A Rute ankasinja misozi ikugwera mumtondo, Mphatso ali kumbuyo. Ine ndinkachita mantha kwambiri. Ndinali nditaona ana a m'mudzi mwathu amene abambo awo anapitikitsidwa, ndipo sindinkafuna kuti Mphatso akule akuloza njira ya ku Namitete.

Kuyambira pamenepo alamu anafatsa ngati nkhuku yonyowa. Kumunda ankafika woyamba, maukwati anayamba kukana. Gitala ankangoikhudza chamadzulo dzuwa likupendeka, kuseri kwa nyumba yawo, motsitsa kwambiri. Tsiku lina popita kukatula madzi ndinawapeza akung'ung'udza kanyimbo katsopano, kachisoni, ndipo nditawaumiriza anandiphunzitsa. Kankati:

*Mbande zanga zauma, dzuwa landipsereza,*
*Ndithirireni Mbuye, ndingafe ndi ludzu.*

Kanali kokoma, kokakamira m'mutu ngati chisoso pa chitenje. Mawa lake ndikusenda mtedza wa mbewu ndi amayi pakhonde, ndinapezeka ndikukaimba osazindikira. Nditadzidzimuka ndinatseka pakamwa. Amayi anapitiriza kusenda, maso ali pa lichero, kenako anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Nditangomaliza, iwo analowa ndi mawu awo otsika aja, osakweza n'komwe mutu:

*Chitsime chili pafupi, tunga mwana, tunga,*
*Mulungu sanyamula kheni ya munthu.*

Ndinaseka mpaka mtedza unamwazika. Ndinawafunsa ngati akudziwa mwini wake wa nyimboyo, iwo n'kundiyankha kuti m'mudzi muno munthu wopempha Mulungu kuti amuthirire mbande alipo mmodzi yekha. Anati akuyankha nyimbo, osati munthu, ndipo ndisakauze aliyense. Koma anali ataimba mokweza ndithu, atayang'ana cha kumpanda wa a Rute. Pamene ndinkafika kuseri kuja ndinapeza alamu ali kale ndi gitala, akufufuza pamene mawu a amayi akhale.

Dzinja lonse nyimbo ija inakula ikuyenda pa miyendo yanga. Alamu ankapeka vesi, ine n'kupita nayo kumunda kapena kuchigafa kumene tinkasoka fodya, amayi n'kuyankha. Ndipo sankayankha chabe, ankakonzanso. Ankati ndikawauze kuti pamenepo akukweza ngati tambala wachitopa, kapena kuti mawu awachulutsa, munthu apumira pati. Alamu ankakanda mutu, n'kuvomereza kuti apongozi akunena zoona. Nthawi zina ankakana, ine n'kubwerera ndi yankho, amayi n'kuti chabwino, pamenepo apambana. Ndinayamba kuganiza kuti mlandu watha. Koma nditayesa kufunsa tsiku lina, amayi anandidula kuti nyimbo ndi nyimbo, mbande ndi mbande, ndipo mawu a atsibweni ali pomwepo. Chimanga chinali chitayamba kuuma, ndipo ine ndinkadana nacho chifukwa chouma msanga.

Mvula ikupita kumapeto kunabwera bambo wina wa m'tauni, wamfupi, wachipewa, atakwera matola mpaka pa Nsaru, katundu wake n'kumunyamulira pa ngolo. Anali atamva alamu akuimba paukwati wa ku Kabudula womwe uja, umene unapha mbande, ndipo ankafuna kuwajambula kaseti. Anabwera ndi makina okhala ngati wailesi yaikulu, batire ya galimoto, mawaya ambirimbiri ndi maikolofoni imodzi yabwino, imene ankaisunga m'sokosi. Poyamba anayesa m'tchalitchi, abusa atalola. Koma dzuwa litakwera malata anayamba kuthetheka, ndipo mawu ankabwerera kuchokera kumakoma. Anayesa m'nyumba ya alamu, namo munali mopanikiza. Akuyendayenda pakhomo analowa m'chigafa cha amayi, anayetsemula, anaomba m'manja kamodzi n'kumvetsera. Anati malo ndi ano, masamba a fodyawa akumeza phokoso lonse.

Amayi analola chigafa, ati bola asagwetse fodya. M'mbali tinatchinga ndi ziguduli. Ana a m'mudzi anapatsidwa ntchito yothamangitsa nkhuku ndi mbuzi, ndipo amayi oyandikana nafe anapemphedwa kuti asasinje. Nyimbo zina zonse zinayenda bwino, alamu ndi gitala, a Rute akuthandiza, ndi anyamata awiri a kwaya. Inatsala ya mbande. A Rute anayesa kuimba mbali ya amayi, koma inkamveka ngati mkazi wonyengerera mwamuna wake. Ndinayesa ine, bambo wa makina anavula zomvera m'makutu n'kuti kamwana aka kali ndi mawu abwino, koma sikangakalipire munthu wandevu. Alamu anati ngati palibe apongozi, nyimboyo isalowe m'chimbale. Bambo uja anati popanda nyimbo imeneyo chimbale chilibe mutu, ndipo mawa m'mawa akubwerera m'tauni.

Ananditumanso ine. Ndinapeza amayi akusankha ndiwo pakhonde, ndinagwada, ndinanena zonse, ulendo uno osachepetsa kapena kuwonjezera. Anafunsa kuti oimba amaima bwanji. Ndinafotokoza kuti maikolofoni ndi imodzi, ndiye onse awiri ayenera kuiyandikira, wina uku wina uku, pakamwa ndi pakamwa. Amayi anati ndapenga. Bambo wa makina anali atanditsatira, ndipo poyesa kuthandiza anati, amayi, zimenezi n'zakale, ndi kanthawi kochepa chabe, ingotsinzinani. Amayi anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, moti munthu uja anavula chipewacho yekha. Ine ndinangoona kuti zonse zathera pomwepo. Kenako amayi anandifunsa ine, osati iye.

"Kodi makina akewo ali ndi maso?"

Ndinati ayi, ali ndi makutu okha.

"Ndiye katenge mphasa yanga yatsopano ija."

Mphasayo tinaimangirira pa mkangala pakati pa chigafa, kuchokera m'mwamba kufika m'mawondo, maikolofoni n'kuilendeweretsa pamwamba pake penipeni. Alamu analowera mbali ya kudambo, amayi analowera mbali ya kunyumba, atavala chitenje chawo cha Lamulungu ngati kuti kaseti idzaonetsa. Pansi pa mphasa pankangooneka mapazi, a alamu ali m'nsapato za matayala, a amayi opanda kanthu, zala zikutsala pang'ono kugundana. Chikwatirireni a Sitefano kwathu, anthu awiriwa anali asanayandikanepo chotero. Ndinaona alamu akubweza phazi pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu pamphumi.

Atayamba, vuto lina linatulukira. Oimba amayang'anana kuti adziwe polowa ndi popuma, koma awa aliyense ankangoona bango. Amayi ankalowa alamu asanamalize, kapena onse awiri ankadikirana mpaka gitala yokha n'kumayenda. Bambo wa makina anagwira mutu. A Rute ndiwo anandikankha n'kundiimika kumapeto kwa mphasa, pamene onse awiri akanatha kundiona, n'kuti nyimboyi waisenza dzinja lonse, ukuidziwa kuposa eni ake. Ndiye ndinaima pamenepo, ka mtsikana ka yunifolomu yothina, dzanja lamanja la alamu, lamanzere la amayi. Ndikakweza dzanja munthu ankakoka mpweya, ndikatsitsa ankalowa. Kulamula amayi ndi dzanja, ine, ndipo iwo n'kumvera! Mpaka lero sindinapatsidweponso udindo wondikoma ngati umenewo.

Komabe sizinatheke msanga. Ulendo wina bambo wa makina anayetsemula yekha. Ulendo wina mbuzi inapulumuka kwa alonda athu n'kulowetsa mutu pa chiguduli. Ulendo winanso ndinaona amayi akukweza nsidze pamene alamu anathamanga nayo nyimbo, ine kuseka kunandiphulika. Dzuwa linapendeka, batire inayamba kufooka, ndipo bambo uja anati mphamvu yatsala yokwanira kamodzi kokha. Amayi anandiuza kuti ndiwauze onse kuti akaimba kano akupita kukaphika, ziyende zisayende. Aliyense anabwerera pamalo pake. Kunja ana anali atakhala pansi m'fumbi, ndipo atsibweni, amene anangobwera kudzaona zachilendozo, anali atatsamira njinga yawo pafupi ndi ziguduli.

Ulendo umenewo nyimbo inayenda yokha. Mawu a alamu anali pamwamba, owonda, odandaula, a amayi ali pansi, olemera. Tinadutsa vesi yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Itatsala yomaliza ndinakweza dzanja lamanja, n'kutsitsa. Alamu analowa, koma mawu amene anaimba sanali amene ndinkawadziwa. Sanadutse mwa ine, sindinawanyamulepo kupita nawo kulikonse. Anali atatsinzina, nkhope itayang'ana mphasa:

*Ndamva amayi, ndamva, kheni ndanyamula,*
*Musanditsekere njira ya kuchitsime.*

Dzanja langa lamanzere linauma lili m'mwamba. Ndinadziwa kuti apa si nyimbonso, munthu akupempha kuti asachotsedwe pakhomo, ndipo akupempha yekha, pamaso pa anthu, makina akumva. Ndinaganiza kuti amayi atuluka. Gitala inazungulira kamodzi popanda woimba, inazunguliranso. Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Anali akuyang'ana mapazi aja pansi pa mphasa. Kenako anakoka mpweya, osadikira dzanja langa:

*Chitsime n'chanu chomwe, tungani, tungani,*
*Mbande ikagwira nthaka sitiizulanso.*

Gitala inamaliza, bambo wa makina anakweza chala kuti tidikire, kenako anadina batani. A Rute anali atakhala pansi, nkhope ataibisa pamutu pa Mphatso. Alamu sanasunthe, anangokumbatira gitala. Amayi anasasa tizidutswa ta fodya pa chitenje, n'kutulukira mbali yawo ya kunyumba. Ali pakhomo la chigafa anandiitana ndi mawu a masiku onse, ngati palibe chachitika. Anati ndikawauze atsibweni kuti ankhoswe asawavutitse, anthu ali ndi zokolola. Anati ndiwauzenso bambo a Mphatso kuti nazale ya chaka chino ndi yawo, komanso kuti pa vesi yachiwiri anathamanga. Atsibweni anali pomwepo, alamu anali pomwepo, koma ndinayenda ndithu kwa aliyense, ndinagwada, n'kunena. Ndikunena ndinali ndikulira, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Kaseti inatuluka titamaliza kukolola. Pachikuto panali alamu atavala jekete yobwereka kwa aphunzitsi, manja ake aafupi, ndipo chimbalecho anachitcha *Chitsime Chili Pafupi*. Amayi anakana kuti dzina lawo lilembedwe, choncho pansi pa nyimbo ija panangolembedwa kuti "ndi apongozi awo". Tsiku limene inamveka koyamba pawailesi tinali tikutonola chimanga, ndipo amayi anangoti ikani bwino wailesiyo ingagwe, koma manja awo anali ataleka kutonola. Sindinganame kuti alamu anatchuka dziko lonse. Koma kuyambira pa Nsaru mpaka Nambuma, Msundwe ndi Mpingu, mwamuna aliyense wodandaula ali chikhalire ankayankhidwa ndi mkazi wake kuti Mulungu sanyamula kheni ya munthu. Amuna ena ankawakwiyira nazo alamu pamsika.

Anajambulanso zimbale zina m'masitudiyo enieni a m'tauni, zokhala ndi ng'oma za magetsi ndi zina zotero, koma anthu akawaitana ankafuna ya mbande yomweyo. Paukwati mbali ya amayi ankaimba ndi aliyense amene wapezeka, ndipo sinkakoma chimodzimodzi. Amayi sanaimbenso pa chimbale china, ati kamodzi n'kokwana. Ku Namitete alamu ankangopita kukacheza. Nyengo ya nazale ikafika ankakana ukwati wina uliwonse, ngakhale wa mwana wa abusa. Ndipo musaganize kuti mwambo unatha. Ankapatukiranabe panjira ya kudambo, ndipo nditapita kusekondale ntchito ya pakamwa inagwera Mphatso, akadali kamwana. M'moyo wawo wonse, anthu awiriwa analankhulana okha popanda mthenga kamodzi kokha, ndipo n'zimene zili pa kaseti ija.

Lero zinthu zasintha. Ana amajambula nyimbo pafoni ali chigonere, wina ali ku Lilongwe mnzake ali kunja, osafuna batire ya galimoto kapena wothamangitsa nkhuku. Inenso ndili ndi mkamwini tsopano. Amanditumizira mauthenga pafoni, amandifunsa za BP, timadyera patebulo limodzi, ndipo tsiku lina anandikumbatira pa depoti anthu akuona, ine n'kusowa poloza maso. Ndi mwana wabwino, sindikumunena. Timalankhulana tsiku ndi tsiku, koma nthawi zina ndimadzifunsa ngati timamvana ngati mmene ankamverana anthu awiri aja, amene aliyense ankatchera khutu kuseri kwa mpanda kuti asaphonye mawu a mnzake.

Amayi anatisiya atakalamba ndithu. M'matenda awo alamu ndiwo ankawatengera kuchipatala pa ngolo, iwo ali kutsogolo ndi ng'ombe, osacheuka. Tsiku loika maliro, nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anandanda kulowa m'nyumba, koma alamu anakhala panja pansi pa mango, imvi zili mbuu, chipewa chili m'manja. Ndinapita kukawauza kuti bokosi latsala pang'ono kutsekedwa. Anapukusa mutu, n'kundiyankha:

"Alamu, sindinawayang'anepo ali moyo. Ndiyambe lero, pamene iwo sangathe kutembenuka?"

Kutchalitchi abusa anawapempha kuti aimbe, ndipo aliyense ankadziwa kuti aimba iti. Anaima pambali pa bokosi, atalipatsa phewa monga ankachitira panjira ya kudambo. Anaimba mizere yawo iwiri yoyamba ija, mawu atakalamba koma osasochera. Atafika polowa amayi, anakweza maso n'kundifunafuna pakati pa anthu, mwachizolowezi cha tsiku lija. Nanenso osaganiza ndinakweza dzanja lamanzere, n'kulitsitsa. Amayi a kwaya onse ankaidziwa mbali imeneyo, koma palibe amene analowa. Gitala inazungulira yokha, alamu akudikira, mpaka malo a amayi anatha, kenako anayamba vesi yachiwiri, ndipo ulendo uno sanathamange.